Kodi foni ingadziwe kuti mwini wake sakupeza bwino? Ntchito ya Anind Dey ndi kayezedwe kake

Mwana wa kalasi yoyamba ku Angónia akamva kuti chimanga chakwera mtengo sayang'ana m'mwamba. Akamva kuti mphaka wakwera mtengo sathamangira kumsika kukafunsa kuti wafika pa ndalama zingati. Mawu ndi omwewo, koma mwanayo amatola tanthauzo loyenera chifukwa akudziwa chimene chikukambidwa, amene akulankhula, malo amene ali komanso nthawi yake. Zimenezi ndi zomwe aphunzitsi anakumana nazo ku maphunziro a uphunzitsi m'dzina la Chipwitikizi loti contexto, ndipo pa Chingerezi amati context. Mwana amakula nazo popanda womukhazika pansi kuti amuphunzitse. Kompyuta ndiye inalibiretu.

Kwa zaka zambiri kompyuta inkangodziwa chimene munthu wailembera basi. Sinkadziwa ngati kunja kwacha kapena kwada, ngati mwini wake ali pamaliro kapena paukwati. Gawo la sayansi limene linayesa kusintha zimenezi limatchedwa context-aware computing, kutanthauza makompyuta ozindikira mmene zinthu zilili pamene akugwiritsidwa ntchito. Dzina limene silisowa m'zolemba za gawoli ndi la Anind Dey. Ntchito yake inachitikira ku America, kutali ndi makalasi a ku Tete ndi ku Niassa, komabe ikukhudza aphunzitsi. Mafoni amene ambiri ali nawo m'thumba anapangidwa ndi nzeru za gawo lomweli. Komanso funso loti kafukufuku wapindula chiyani, ndipo phinduro aliyeza ndani, ndi funso la aliyense amene kalasi yake inafikiridwapo ndi ofufuza.

Kabaji ka ku Cambridge

Mu 1991 Mark Weiser, wa ku malo ofufuzira a Xerox PARC ku California, analemba m'magazini ya Scientific American kuti makompyuta adzafika pokhala ponseponse mpaka anthu adzaleka kuwazindikira, monga mmene munthu wodziwa kuwerenga sazindikirira kuti wawerenga chikwangwani cha m'mbali mwa msewu. M'zaka zomwezo, ku Cambridge ku England, akatswiri a kampani ya Olivetti ankavala kabaji kotchedwa Active Badge. Masekondi 15 aliwonse kabajiko kankatumiza kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo tizipangizo toikidwa m'zipinda tinkakulandira. Wolandira mafoni pa ofesipo ankangoyang'ana pa kompyuta n'kudziwa chipinda chimene munthu wofunidwayo ali, n'kumulumikizira foni komweko. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1992. Mu 1994 Bill Schilit ndi anzake anayamba kugwiritsa ntchito mawu oti context-aware ponena za mapulogalamu otere.

Panali mavuto awiri amene ankabweza ntchitoyi m'mbuyo. Aliyense ankafotokoza context pongotchula zitsanzo zake: wina amati ndi malo, wina amaonjezera nyengo, wina phokoso. Munthu akabwera ndi chinthu chatsopano, panalibe njira yodziwira ngati chikulowa m'gululo. Vuto lina linali lakuti pulogalamu iliyonse inkamangidwa kuyambira pansi, yomatirira ku kachipangizo kake. Akasintha kabaji, pulogalamu yonse imayenera kulembedwanso.

Dey anayamba maphunziro a pamwamba ku Simon Fraser University ku Canada, kumene anamaliza mu 1993, kenako n'kupita ku Georgia Tech ku Atlanta. Kumeneko anayamba ndi uinjiniya wa ndege asanatembenukire ku sayansi ya makompyuta, ndipo digiri yake ya udokotala anailandira mu 2000 moyang'aniridwa ndi Gregory Abowd. Awiriwa anapereka tanthauzo limene lakhala likugwiritsidwa ntchito mpaka lero, ndipo Dey analilembanso m'nkhani yaifupi ya mu 2001 yotchedwa Understanding and Using Context. Mwachidule iwo anati context ndi uthenga uliwonse umene ungathandize kufotokoza mmene zinthu zilili kwa munthu, malo kapena chinthu, bola munthuyo, malowo kapena chinthucho chikhale chokhudzana ndi zimene wogwiritsa ntchito akuchita ndi pulogalamuyo. Anaonjezera kuti pali mitundu inayi yoyambirira: ndani, ali kuti, akuchita chiyani, ndipo ndi nthawi yanji. Zina zambiri zimapezeka kuchokera pa zinayizi.

Tanthauzoli likuoneka losavuta, mwinanso lotambalala kwambiri. Mphamvu yake ili pa mawu oti bola chikhale chokhudzana. Kutentha kwa kunja ndi context kwa pulogalamu yolangiza mlimi, koma si kanthu kwa pulogalamu yowerengera malipiro. Wopanga pulogalamu anapatsidwa funso loti azidzifunsa m'malo mwa mndandanda woti aloweze.

Vuto lachiwiri analithetsa ndi chida chotchedwa Context Toolkit, chimene Daniel Salber, Dey ndi Abowd anachionetsa mu 1999. Nzeru yake ikufanana ndi kaundula wa kusukulu. Mphunzitsi wamkulu akafuna kudziwa ana amene abwera, safunsa ngati mphunzitsi wa kalasi anachita kuitana mayina kapena anangowerenga mitu, amangotsegula kaundula. Chimodzimodzinso Context Toolkit inaika chigawo pakati pa tizipangizo tozindikira ndi pulogalamu. Chigawo china chimalandira uthenga kuchokera ku kachipangizo, china chimaumasulira, mwachitsanzo kusandutsa nambala ya baji kukhala dzina la munthu, ndipo china chimasonkhanitsa zonse zokhudza munthu mmodzi pamalo amodzi. Chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene anapanga nacho chinali bolodi losonyeza amene ali mu ofesi ndi amene atuluka. Ndi chinthu chaching'ono, koma chinasonyeza kuti wophunzira wa pa yunivesite akhoza kupanga pulogalamu yotere osayamba walimbana ndi mawaya.

Mwana wokhala chete

Si onse anagwirizana nazo. Mu 2001 magazini ya Human-Computer Interaction inasindikiza nkhani yaitali ya Dey, Abowd ndi Salber pamodzi ndi mayankho a akatswiri ena, ena mwa iwo otsutsa. Kutsutsa kodziwika kwambiri kunabwera mu 2004 kuchokera kwa Paul Dourish. Iye anati akatswiri a makompyuta akuona context ngati katundu amene ali pamalo kudikira womutola, pamene zoona zake n'zakuti anthu amaipanga okha akamachita zinthu limodzi. Chimene chili chofunika pa mphindi ino chikhoza kukhala chopanda ntchito pa mphindi yotsatira, ndipo amene amagamula zimenezo ndi anthu amene ali m'kati mwa zochitikazo.

Mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri sangavutike kumva mfundo ya Dourish. Mwana wakhala chete m'kalasi. Mwina sanamve funso chifukwa lafunsidwa m'Chipwitikizi. Mwina wamva koma akuopa kusekedwa akalakwitsa katchulidwe. Mwina wabwera osadya. Mwina kwawo anamulangiza kuti mwana sayankha wamkulu momuyang'ana m'maso, kapenanso akungoganiza yankho ndipo akapatsidwa masekondi ena asanu alankhula. Kachipangizo kojambula mawu kangapeze chinthu chimodzi chokha pa ana asanu onsewa, chomwe ndi bata. Mphunzitsi amawasiyanitsa chifukwa amadziwa kumene aliyense akuchokera, ndiponso chifukwa akhoza kubwereza funsolo m'Chinyanja n'kuona nkhope ikusintha.

Chosangalatsa pa mbiri ya Dey n'chakuti ntchito yake yotsatira inalowera kumene otsutsawo ankaloza. Atagwira ntchito ku Intel Research ku Berkeley kwa zaka zingapo, anapita kukaphunzitsa ku Carnegie Mellon University ku Pittsburgh. Mu 2003 iye ndi Louise Barkhuus anafufuza mmene anthu amamvera foni ikamadzipangira yokha zochita, ndipo anapeza kuti anthu amaona kuti ulamuliro wawachokera m'manja, koma amalolera ngati phindu lake ndi lalikulu. Mu 2009 Brian Lim, Dey ndi Daniel Avrahami anasonyeza kuti anthu amamvetsa ndi kukhulupirira pulogalamu ikamatha kufotokoza chifukwa chimene yachitira chinthu, komanso chifukwa chimene sinachitire china. Uku kunali kuvomereza kuti makina adzalakwitsa ndithu, choncho munthu ayenera kukhala ndi mpata woona pamene alakwitsira. Mphunzitsi amene amauza mwana kuti aonetse njira yonse ya samu, osati yankho lokha, amachita zomwezo.

Kuchokera ku ofesi kupita kuchipatala

Mafoni amakono atafala, tizipangizo timene kale tinkachita kukhomedwa m'makoma tinalowa m'thumba la munthu aliyense. Foni ili ndi GPS yodziwa malo. Ili ndi kachipangizo komva kugwedezeka, kamene kamasiyanitsa munthu woyenda ndi wokhala. Imadziwa nthawi imene yayatsidwa ndi kuzimitsidwa, mafoni angati aimbidwa ndi kulandiridwa, ndipo kudzera pa Bluetooth imazindikira zipangizo zina zimene zili pafupi. Denzil Ferreira, Vassilis Kostakos ndi Dey anapanga pulogalamu yotchedwa AWARE, yomwe anaifotokoza mu 2015, yosonkhanitsa zonsezi kuti ofufuza azigwiritse ntchito. Anaipereka mwaulere, ndipo magulu ambiri ofufuza m'mayiko osiyanasiyana anaitenga.

Ganizo lake pa zaumoyo ndi ili. Dokotala amaona wodwala kwa mphindi zochepa, mwina kamodzi pa mwezi, ndipo amadalira zimene wodwalayo akukumbukira. Koma matenda ambiri amasintha khalidwe la munthu tsiku ndi tsiku. Wovutika maganizo nthawi zambiri amachepetsa kuyenda, tulo timamusokonekera, amaleka kucheza ndi anzake. Ngati foni ikuona kusintha kumeneku, mwina ikhoza kuchenjeza zinthu zisanafike poipa.

Dey anagwira ntchito ndi Carissa Low, katswiri wa zamaganizo wa ku University of Pittsburgh, pa odwala khansa. Mu 2016, pamodzi ndi Sangwon Bae, anagwiritsa ntchito kachipangizo kovala pamkono ka Fitbit poona ngati nthawi imene wodwala amakhala osayenda atachitidwa opaleshoni ingalosere kuti adzagonekedwanso m'chipatala. Mu 2017 anayesa kuyerekeza kukula kwa zowawa za odwala olandira mankhwala a khansa poyang'ana zimene foni ndi Fitbit zinkasonkhanitsa. Zotsatira zinali zolimbikitsa, koma odwala a m'kafukufuku wa mu 2017 anali 14 okha, ndipo olembawo anachita kunena pa mutu pomwe kuti uku kunali kungoyesa njira. Nyuzipepala zikamafalitsa nkhani zotere nthawi zambiri nambala yaing'onoyo ndi imene imasowa.

Ntchito ina inachitika pa ophunzira a pa yunivesite. Mu 2019 Afsaneh Doryab ndi anzake, Dey ali momwemo, anafufuza kusungulumwa pa ophunzira 160. Mu 2021 Prerna Chikersal ndi gulu lake anasindikiza zotsatira za ophunzira 138, zosonyeza kuti pulogalamu yawo inkatha kuzindikira amene anali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo pakutha pa chigawo cha maphunziro, ndipo inkalondola maulendo oposa 85 pa 100 aliwonse. Pofuna kudziwa ngati pulogalamu yalondola, ankayerekeza ndi mayankho amene ophunzirawo anapereka okha pa mafunso ovomerezeka a zamaganizo. Ndiye kuti foniyo sinkapima matenda ngati dokotala; inkalosera zimene munthu angayankhe pa pepala la mafunso.

Pamene zinakanika

Mu 2018 Dey anasamukira ku Seattle kukatsogolera Information School ya University of Washington. Kumeneko ofufuza anasonkhanitsa uthenga wa m'mafoni a ophunzira kwa zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2021, kuchokera kwa anthu pafupifupi 500. Zaka zimenezi zinaphatikizapo nthawi ya COVID-19, pamene moyo wa wophunzira aliyense unasinthiratu. Xuhai Xu, pamodzi ndi Dey ndi ena, anagwiritsa ntchito uthengawu pofunsa funso limene ambiri ankalizemba: pulogalamu yophunzitsidwa pa gulu limodzi la anthu, kodi igwira ntchito pa gulu lina, kapena pa chaka china? Ntchitoyi anaitcha GLOBEM ndipo inatuluka mu 2022.

Anatenga njira zozindikirira kuvutika maganizo zimene zinali zitasindikizidwa kale, kuphatikizapo za anzawo a m'gulu lomwelo, n'kuziyesa pa magulu amene sizinaphunzitsidwirepo. Zambiri zinagwa. Kulondola kwake kunali pafupifupi kofanana ndi kwa munthu wongolota, amene amapereka yankho limodzi lomwelo kwa aliyense.

Mfundo yongolotayi ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa imabisika m'malipoti ambiri. Tiyerekeze kalasi ya ana 60 momwe ana 48 amadziwa kuwerenga. Mlendo amene sanaonepo mwana ndi mmodzi yemwe akanena kuti onse amadziwa kuwerenga, walondola maulendo 80 pa 100, koma sanathandize chilichonse, chifukwa ana 12 ofunika thandizo sanawapeze. Choncho nambala ya kulondola ikaperekedwa yokha, osanena kuti wongolota akanapeza zingati, siuza munthu kanthu.

Chifukwa chimene mapulogalamuwo anagwera sichovuta kuchiona. Wophunzira amene akukhala m'chipinda tsiku lonse mu 2018 mwina akuvutika maganizo. Wophunzira amene akuchita zomwezo mu 2020 akungomvera lamulo la boma. Foni ikuona chinthu chimodzi, tanthauzo lasintha. Ndi zija Dourish ankanena zaka 18 m'mbuyomo, koma tsopano zinaoneka m'manambala, ndipo amene anazionetsa anali a mbali yotsutsidwayo. Mwa zonse zimene Dey waikapo dzina lake pa zaumoyo, ntchito imeneyi ndi imene ikuyenera ulemu waukulu. Si ofufuza ambiri amene amakonza mayeso oti njira za gulu lawo zikalepherepo poyera, n'kutsegulanso uthengawo kuti ena abwereze.

Kuwerenga mayina

Nanga phindu la wofufuza ngati ameneyu limayezedwa bwanji? Njira yofala ndi kuwerenga kuti zolemba zake zatchulidwa kangati m'zolemba za ena. Google Scholar, yomwe inayamba mu 2004, imawerenga zimenezi yokha. Mu 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa physics, anapereka muyeso wotchedwa h-index. Wofufuza amene h-index yake ndi 10 ali ndi zolemba 10 zimene chilichonse chatchulidwa kosachepera maulendo 10. Amene ali ndi cholemba chimodzi chotchulidwa maulendo 1,000 koma zina zonse zosatchulidwa, h-index yake ndi 1. Cholinga chake chinali kupeza munthu amene walemba zambiri ndipo zambirizo zikuwerengedwa.

Pa muyeso umenewu Dey ali m'gulu la pamwamba m'gawo lake. Nkhani yake ya mu 2001 yokha yatchulidwa maulendo masauzande angapo, ndipo mu 2015 analowetsedwa mu CHI Academy, gulu lolemekeza akatswiri a za mgwirizano wa anthu ndi makompyuta. Koma nambala zikayang'anitsitsidwa zimaulula zina. Ambiri mwa otchula nkhani ya mu 2001 amangobwereka tanthauzo la context m'ndime yoyamba n'kupitiriza zawo. Dourish pomutsutsa anamutchulanso, ndipo kompyuta yowerengera sisiyanitsa woyamikira ndi wotsutsa. Komanso chimodzi mwa zolemba zake zotchulidwa kwambiri si cha zaumoyo n'komwe. Ndi cha mu 2008, cholembedwa ndi Brian Ziebart, Andrew Maas, Drew Bagnell ndi Dey, chomwe chinagwiritsa ntchito maulendo a oyendetsa matakisi a ku Pittsburgh pophunzitsa kompyuta kulosera msewu umene dalaivala angasankhe. Masamu ake anatengedwa ndi opanga maloboti, ndipo gawo limenelo lili ndi olemba ochuluka zedi. Kukula kwa nambala kumatsatira kukula kwa khamu limene likulemba.

Pali phindu lina limene h-index siliona bwino. AWARE ikagwiritsidwa ntchito ndi gulu la ofufuza kudziko lina, zimene apeza zimalembedwa m'dzina lawo. Ophunzira amene Dey anawayang'anira, monga Brian Lim, anakayambitsa magulu awo ofufuza. Ndipo funso lalikulu kwa wodwala, loti kodi alipo amene anachira msanga chifukwa foni inachenjeza, siliyankhidwa ndi kuchuluka kwa otchula. Pa mbali imeneyi gawo lonse la kuzindikira matenda a maganizo kudzera pa foni likadali pa msinkhu wa kafukufuku. Madandaulo okhudza miyeso yotere ndi amene anachititsa kuti mu 2012 akonzi a magazini a sayansi ndi ofufuza okumana ku San Francisco alembe chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti ntchito ya wofufuza iziyezedwa poiwerenga, osati poona kutchuka kwa magazini imene yatulukiramo.

Aphunzitsi a zilankhulo ziwiri ali ndi chitsanzo chawochawo. Kuyambira 1993 mpaka 1997, INDE inayendetsa ntchito yoyeserera ya PEBIMO, yophunzitsa ana m'Chichangana ku Gaza ndi m'Chinyanja ku Tete pamodzi ndi Chipwitikizi. Carol Benson, amene anaunika ntchitoyi, anasindikiza zimene anapeza mu 2000. Zolemba za PEBIMO sizingafike pa nambala za nkhani ya matakisi a ku Pittsburgh, ndipo zina mwa izo ndi malipoti a m'Chipwitikizi amene makina owerengera sawaona bwino. Koma mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za boma, ndipo zimene zinaphunziridwa ku Gaza ndi ku Tete zinali mbali ya umboni umene unatsegula njirayo. Mwana amene lero akuphunzira kuwerenga m'chilankhulo cha kwawo sapezeka pa Google Scholar.

Phunziro la GLOBEM likugwiranso ntchito mbali yomweyi. Njira yophunzitsira kuwerenga imene yayenda bwino m'makalasi ochepa, okhala ndi mabuku okwanira ndi alangizi obwera pafupipafupi, siyenera kuganiziridwa kuti iyenda chimodzimodzi m'kalasi ya ana 80 yopanda mabuku. Mphunzitsi akapatsidwa lipoti la kafukufuku ali ndi ufulu wofunsa kuti anayesedwa ndi ana angati, a kuti, chaka chiti, m'chilankhulo chanji, ndiponso ngati njirayo inayesedwapo kwina kumene oiyambitsa kunalibe.

Foni ya ndani?

Kafukufuku yense wa mtundu umenewu amatsamira pa ganizo lakuti foni ndi mwini wake ndi chinthu chimodzi. Dey mwiniwake analiyesa ganizoli mu 2011. Iye ndi anzake anatsatira anthu 28 kwa milungu inayi, n'kupeza kuti foni inkakhala poti mwini wake angaifikire ndi dzanja pa nthawi yokwana 53 pa 100 yokha, ngakhale kuti inkakhala naye m'chipinda chimodzi pafupifupi 90 pa 100. Amenewa anali anthu a ku America, aliyense ndi foni yake, magetsi ali m'nyumba.

Kumidzi ya ku Tsangano kapena ku Lago zinthu n'zosiyana. Foni imodzi imatha kutumikira banja lonse. Imatsala kunyumba mwini wake ali kumunda, imagona kwa wotchaja pa msika, imabwerekedwa ndi mlamu wopita kutauni. Pulogalamu yophunzitsidwa pa ophunzira a ku Seattle ikanaona foni yosasuntha kwa masiku awiri n'kuganiza kuti mwini wake wagwidwa ndi matenda a maganizo, pamene iye ali kalikiliki kukolola mbatata. Ngati mapulogalamuwo analephera kuwoloka kuchokera ku yunivesite ina ya ku America kupita ku inzake, palibe chifukwa chokhulupirira wamalonda amene angabwere kudzanena kuti agwira ntchito ku Angónia popanda kuyesedwa komweko.

Izi sizikutanthauza kuti foni ilibe malo pa zaumoyo ku Mozambique. Ntchito ya upSCALE, ya unduna wa zaumoyo mothandizana ndi Malaria Consortium ndi UNICEF, inapereka mafoni kwa ma APE, alangizi a zaumoyo a m'midzi, ndipo inakula kuchokera ku ntchito yoyamba ya ku Inhambane. Koma kumeneko foni silosera yokha. Imatsogolera mlangizi pa mafunso oti afunse ndi zizindikiro zoti ayang'ane, n'kutumiza zimene walemba ku chipatala. Amene akuona mwana wodwala, amene akudziwa banjalo ndi kulankhula chilankhulo chake, ndi munthu wa m'mudzi momwemo.

Patsala nkhani ya chinsinsi. Uthenga umene ungaulule kuti munthu akuvutika maganizo ndi womwewo umene umaulula kumene wagona, amene wamuimbira usiku, ndi tsiku limene anapita kuchipatala. Kabaji ka ku Cambridge kanadzutsa kale nkhawa imeneyi mu 1992, ndipo mu 2004 Scott Lederer, Jason Hong, Dey ndi James Landay analemba za misampha isanu imene opanga mapulogalamu amagweramo pa nkhaniyi, umodzi mwa iyo ndi kubisira munthu zimene pulogalamu ikutumiza ndi kumene zikupita. Ophunzira a m'kafukufuku wa ku Pittsburgh ndi ku Seattle anali akuluakulu amene anafotokozeredwa ndi kuvomera, ndipo ankatha kutuluka nthawi iliyonse. Pa sukulu ya pulayimale wopempha chilolezo amakumana ndi makolo amene ena mwa iwo sawerenga Chipwitikizi, ndipo womasulira pepala la chilolezolo kawirikawiri amakhala mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri. Asanaimirire pamaso pa makolo, mphunzitsiyo ayenera kuuzidwa momveka kuti foni kapena tabuleti yobwera ndi polojekiti ikusonkhanitsa chiyani, ikujambula mawu kapena malo, uthengawo ukusungidwa kuti, adzauona ndani, ndipo udzafufutidwa liti. Mlendo akalephera kuyankha zimenezi m'Chipwitikizi, mphunzitsi alibe choti amasulire m'Chinyanja.